ZA KUSINTHA NYUMBA ZAKALE POPANDA CILOLEZO

Pa chuthi ca mwezi wa August caka catha ndinali kuthandiza amalume anga nchito. Iwo ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo akapeza nchito yaikulu amanditenga kuti ndizikawaponyera njerwa ndi kukanda matope. Tsiku lina Loweruka tinalawira m'mamawa kucoka kwathu ku Bangwe, tinakwera minibasi mpaka ku Limbe, ndipo tinafika pa sitolo ina yakale ya khonde lalitali ndi nsanamira zonenepa za njerwa. Munthu amene anacita lendi sitoloyo anafuna kuti tigwetse nsanamira ziwiri, tiboole khoma la kumaso kuti paikidwe galasi lalikulu, ndipo khoma lotsalalo tilimate simenti. Anatiuzanso kuti nchito yogumula ithe lisanafike Lolemba. Ine sindinadziwe cifukwa cace, koma amalume anacidziwa: Loweruka ndi Lamulungu a khonsolo sayendera nyumba.

Titangoyamba kumenya nyundo, panafika agogo ena oyendera ndodo, naima m'mbali mwa mseu.

"Mwadzuka bwanji amisiri? Kodi khondeli lalakwanji?"

"Tadzuka bwino agogo, kaya inu? Ife tangotumidwa. Abwana m'katimo akufuna galasi."

"Nanga a Boma abvomereza? Ine pakhonde pano m'pamene telala anandisokera malaya a ukwati. Mvula ikagwa tonse tinali kuusa pano. Lero mugwetsa osafunsa munthu?"

Amalume anati, "Pepani agogo, zimenezo kafunseni abwana." Agogowo anapukusa mutu, napita. Pofika madzulo nsanamira ziwiri zija zinali mulu wa zibuma.

Pobwerera amalume anali kung'ung'udza m'minibasi. Anati, "Mphwanga, anthu ena ngobvuta. Nyumba nja eni, ndalama nza eni, nanga iwo cikuwawawa nciani?" Ine ndinabvomera msanga, pakuti m'thumba mwanga munali malipiro a tsikulo. Koma funso la agogo aja silinandicoke m'mutu, ndipo sukulu itatsegulidwa ndinalitula kwa aphunzitsi athu a mbiri yakale. Iwo sanandiyankhe. Anati ndikafufuze ndekha, ndipo zimene ndikapeze ndizilembe m'magazini muno kuti anzanga aweruze. Zimene ndinapeza ndi izi.

Coyamba ndi cakuti m'mzinda munthu sangomanga kapena kugumula monga acitira kumudzi. Lamulo lochedwa Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988, lifuna kuti womanga nyumba m'tauni, kapena woisintha kwakukulu, ayambe wapereka pulani yace ndi kuyembekeza cilolezo. Kuno kwathu mapulani amapita ku maofesi a khonsolo ya mzinda ku Chichiri. Lamulo limeneli likhudza nyumba iri yonse, yakale kaya yatsopano, ndipo mwa zolinga zace cacikulu ndi kuchinjiriza moyo: kuti khoma lisagwere anthu, ndi kuti wina asamange pa ngalande kapena pa malo otsetsereka a phiri. Ife amene tinaona namondwe wa Freddy m'March 2023, ndi matope amene anatsika m'phiri la Soche nakwirira nyumba ku Chilobwe, sitifunika kuuzidwa kawiri. Akulu athu akumbukiranso kuti mu 2011 nyumba ina ya malonda pakati pa Blantyre inagwa pamene amisiri anali kuikonza, ndipo anthu anafa.

Koma liripo lamulo laciwiri, ndipo ndilo mwini nkhani yathuyi. Dzina lace ndi Monuments and Relics Act la 1990. Lisanabwere ilo panali Monuments Act la 1965. Lamuloli lipatsa Nduna mphamvu yolengeza kuti nyumba yakuti, manda akuti kapena phanga lakuti ndi cikumbutso ca dziko cotetezedwa. Cinthu cikalengezedwa cotero, palibe munthu aloledwa kucisintha, kucigumula kapena kuciononga popanda kalata ya cilolezo, ngakhale munthuyo akhale mwini wace weniweni wokhala ndi zikalata zonse m'manja. Oyang'anira zimenezi ndi a Dipatimenti ya Museums and Monuments. Taonani kusiyana kwa malamulo awiriwa. Loyamba lifunsa kuti, "Kodi nyumbayi siigwa?" Laciwiri lifunsa kuti, "Kodi mukatha nchito yanu, nyumbayi idzakhalabe yomwe ija?"

Nyumba zotetezedwa cotere tiri nazo pafupi, ndipo ndicita manyazi kunena kuti ndinakula mpaka Fomu 3 ndisanazione bwino. Blantyre inayamba mu 1876 pamene a mishoni ya Church of Scotland anamanga misasa yao, naucha malowo dzina la mudzi wobadwira David Livingstone. Patapita zaka zisanu ndi cimodzi, mu 1882, kampani ya African Lakes inamanga nyumba ya Mandala, yosanja, ya njerwa ndi matope, ndi khonde lozungulira. Ambiri anena kuti ndiyo yakale kuposa nyumba zonse zimene ziri ciimire m'Malawi. Dzina lace linacokera ku mandala amene John Moir, mmodzi wa akulu a kampaniyo, anali kubvala m'maso. M'cipinda capamwamba muli mabuku ndi zithunzi zakale za bungwe la Society of Malawi. Ziriponso nyumba zina zakale, monga Boma lakale la Blantyre ndi holo ya tauni yocita kukumbukira Mfumukazi Victoria, ya mu 1903. Limbe ndi wamng'ono pa msinkhu: njanji inafika mu 1908, tauniyo inakhazikitsidwa mu 1909, ndipo inaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956.

Koma imene inandigwira mtima ndi chalichi ca St Michael and All Angels pa mishoni ya Blantyre. Anayamba kucimanga mu 1888, ndipo anacipatula pa 10 May 1891. Wotsogolera nchito anali Rev. David Clement Scott, yemwe uja analemba buku lalikulu lomasulira mau a Cimang'anja la mu 1892. Iye sanaphunzirepo za kamangidwe, ndipo anayamba nchitoyo popanda pulani yolembedwa yonse papepala. Anali kuyesa njerwa zouma popanda matope, akaona kuti zakhala bwino ndi pamene amisiri anali kumanga. Njerwa zonse anaziumba ndi kuziocha pafupi pomwepo, ndipo amene anaziwerenga anena kuti ziripo za mitundu 81. Mukapita kumeneko musathamangire kulowa m'kati. Yambani mwazungulira kunja, muone njerwa zina zozungulira, zina zosongoka, zina zokhala ngati zosema, ndiponso nsanja ziwiri za kumaso zimene sizifanana.

Tsono lingalirani kuti pabwera munthu wa mtima wabwino, wokonda chalichi cace, naona kuti njerwa zakalamba ndipo zacita ndere. Atenga ndalama zace, agula simenti, amata khoma lonse pulasitala, napaka penti yoyera. Chalichi cikhalabe, mapemphero acitikabe, mwina ena adzati cakongola. Koma mitundu 81 ija yakwiririka. Munthuyo sanabe kanthu, sanafune kuipitsa, koma waononga. Nyumba zakale zambiri zimaonongeka motere, ndi anthu ofuna kukonza. Ici ndi cifukwa cace lamulo silinena za kugumula kokha, koma za kusinthanso.

Pano ndifuna kukhalitsa pang'ono, pakuti mbali iyi anandiphunzitsa ndi amalume omwe aja, tsiku lina mtima wao uli pansi. Njerwa zakale nzofewa, ndipo amisiri akale anali kuzimanga ndi matope kapena laimu, zimenenso nzofewa. Nthawi ya dzinja khoma lotere limamwa cinyezi kucokera m'nthaka, koma cinyezico cimaturukanso podzera m'mizere ya pakati pa njerwa, ndipo pofika cilimwe khoma lauma. Amisiri amati khomalo limapuma. Simenti ndi youma gwa, ndipo siilola madzi kuturuka msanga. Mukamata simenti pa khoma lakale, cinyezi cisowa poturukira, cikwera m'mwamba, ndipo mcere wa m'nthaka umene cinanyamula ufumbutsa njerwa kuseri kwa pulasitala. Kunja kuoneka bwino zaka zingapo. Kenaka mukagogoda ndi cala mumva kulira ngati ng'oma, ndipo tsiku lina pulasitala asupuka, natenga nkhope ya njerwa pamodzi. Penti ya mafuta icitanso cimodzimodzi. Ndinawafunsa amalume kuti, "Nanga bwanji munamata simenti ku Limbe kuja?" Anati, "Laimu acedwa kuuma, ndipo abwana anafuna Lolemba."

Khonde nalo si lokongoletsa cabe. Limachinga khoma kuti mvula ya mphepo isalimenye, ndi kuti dzuwa lisatenthe m'nyumba. Ndipo khoma liri lonse la nyumba yakale lasenza kanthu. Kulemera kwa denga kuyenera kupeza njira yotsikira ku maziko. Mukaboola khoma kapena kucotsa nsanamira, kulemerako kudzafuna njira ina, ndipo mng'alu umene muuona pambuyo pace ndiyo njira imene kwapezayo. Coopsa ca zonsezi ndi cakuti sizibwezeka. Penti yoipa tikhoza kuipala, koma nsanamira yagwa yagwa. Ngakhale mumange ina yofanana nayo, imeneyo ndi ya caka cino. Akatswiri a maiko ambiri atasonkhana ku Venice mu 1964 anagwirizana mfundo zosamalira nyumba zakale, ndipo zina mwa izo ndi zakuti wokonza alemekeze zipangizo zoyamba, asamange mongoganizira, ndipo cimene waonjeza cizindikirike kuti ncatsopano, kuti obwera m'mbuyo asanamizidwe.

M'maiko ena sateteza nyumba imodziimodzi yokha, koma dera lonse, miseu ndi nyumba zace pamodzi. Citsanzo capafupi ndi Stone Town ku Zanzibar, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi mu 2000, ndi cisumbu ca Ilha de Moçambique, cimene cinalowa mu 1991. Ku Stone Town nyumba nza miyala ya m'nyanja ndi laimu, ndi zitseko zazikulu zosema, ndipo kuli bungwe lapadera la boma limene mwini nyumba ayenera kulifunsa asanasinthe nyumba yace. Madandaulo a kumeneko ndi omwe aja a agogo a ku Limbe: wina wamata simenti, wina wazula citseko cosema, wina wamanga hotela yosayenera malowo. Cifukwa cotetezera dera lonse ncosabvuta kumva. Mseu wakale uli ngati mano m'kamwa. Wina akacotsa khonde lace, woyandikana naye aona kuti palibe cacitika, nacotsanso lace. Zikatha zaka khumi palibe amene anagumula mseuwo, koma mseuwo palibe. Mzinda wa Liverpool ku England unalowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2004, ndipo unacotsedwapo mu 2021 kaamba ka nyumba zatsopano zimene zinamangidwa m'dera la madoko ace akale.

Nkhani imene inandiseketsa ndi ya ku London. Kumeneko kunali nyumba yomweramo mowa yochedwa Carlton Tavern, ya m'zaka za m'ma 1920, imene inapulumuka mabomba a nkhondo yaciwiri. M'April 2015 eni ace atsopano anaigumula mwadzidzidzi popanda cilolezo, pamene akuluakulu anali pafupi kuilemba pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa. Mwina anaganiza kuti adzangolipira cindapusa. Koma anthu a m'deralo anadandaula kolimba, ndipo khonsolo ya Westminster inalamula kuti aimangenso monga inaliri, njerwa ndi njerwa. Inatsegulidwanso mu 2021. Akulu anati safunsa anadya phula. Awa anadya phula lokwera mtengo ndithu. Ndipo tisaloze cala akutali okha. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula zakale za pa miyala, amene analowa pa mndandanda wa UNESCO mu 2006, ndipo alipo anthu amene afika kumeneko nalemba maina ao ndi makala pamwamba pa zojambulazo. Tikadzapita ulendo wa sukulu, makala atsale kukhichini.

Tsopano ndiyenera kucita cilungamo kwa amalume ndi kwa abwana a sitolo aja, pakuti iwonso ali ndi mau. Nyumba yakale imadya ndalama. Denga lidontha, ciswe cidya mitengo, zenera nlaling'ono, ndipo wogula masiku ano alowa m'sitolo imene katundu wace aonekera pa galasi. Amene ayamikira khonde akudutsa pa mseu salipira lendi. Agogo aja anadandaula, inde, koma sanaturutse ngakhale tambala yogulira lata limodzi. Pamwamba pa izi, kudikira cilolezo kumatenga nthawi, ndipo wamalonda nthawi ndiyo ndalama zace. Ngati dziko liuza munthu kuti asakhudze nyumba yace cifukwa nja ife tonse, ine ndiganiza kuti ife tonse tiyeneranso kumthandiza kuisamala, kaya pomcepetsera msonkho wa khonsolo, kaya pomtumizira katswiri womlangiza mwaulere, ndipo koposa zonse pomyankha msanga. Lamulo longoletsa, losathandiza, limaphunzitsa anthu kugumula Loweruka.

Palinso cina cimene cimasokoneza eni nyumba kuno ku Blantyre. M'masiku a Dr. Kamuzu Banda, m'zaka za m'ma 1980, nyumba zakutha za m'tauni anali kuzijambula nyenyezi yofiira, kutanthauza kuti mwini wace aigumule ndi kumanga yamakono. Ndipo khonsolo ya mzinda inadzaukitsanso mcitidwe umenewu m'zaka za pambuyo pace. Colinga cace cinali cabwino, pakuti nyumba yoti igwera anthu siyenera kusungidwa. Koma anthu ambiri anatolapo phunziro lakuti cakale ciri conse ncocititsa manyazi. Tsono dzanja limodzi liti "gumula", lina liti "usakhudze", ndipo munthu wamba sadziwa kuti nyumba yace iri mbali iti. Kukalamba ndi kutha ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo wodziwa kuzisiyanitsa ndi katswiri amene waona maziko ndi makoma, osati mmisiri amene wapatsidwa masiku awiri.

Nditawerenga zolemba zangazi kwa anzanga a m'kalasi, mmodzi anaimirira nati, "Iwe, nyumba zonse wachulazi nza Azungu ndi Amwenye. Makolo athu sanaloledwe ngakhale kukhala pa makonde ena amenewo. Ife a ku Bangwe zitikhudza bwanji? Zigwe!" Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Koma ndinamfunsa kuti, kodi dothi la njerwa za St Michael anaponda ndani? Anaika m'cikombole ndani, anatema nkhuni zoochera ndani, anakwera pamwamba ndani? Scott anali mmodzi. Manja anali a anthu a kuno. Maina a ambiri a iwo sitiwamva pochula mbiri ya chalichico, ndipo cimene anatisiyira coti tikhudze ndi khomalo. Ndinamkumbutsanso za chalichi ca njerwa cimene John Chilembwe anamanga ndi anthu ace pa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kuseri kwa mapiri athuwa. Nkhondo ya mu 1915 itacitika, asilikali a boma la atsamunda anaciphwasula ndi zophulika. Sanacite zimenezo cifukwa cinali kudontha. Anadziwa kuti anthu akamaona nyumba amakumbukira. Nyumba ya Mandala nayo ikumbutsa zokoma ndi zowawa zomwe, za malonda ndi za amtengatenga amene anasenza katundu wa kampaniyo pamutu kucokera ku mtsinje wa Shire. Ikagwa, mwana wa mawa adzaziona kuti?

Pamene mnzangayo analondola ndi apa: zikumbutso za mzinda zisakhale za alendo zokha. Kwathu kuno kuli misika, masukulu oyamba, mizikiti ndi machalichi amene anamanga makolo athu ndi ndalama zosonkha, ndi nyumba zimene munali kucitikira misonkhano pa nthawi yomenyera ufulu. Zambiri za izo zimasinthidwa caka ndi caka popanda wodandaula, pakuti palibe analemba kuti nza mtengo. Bwenzi kalabu yathu ya mbiri yakale itayamba nchito imeneyi: kuyenda m'Bangwe ndi m'Limbe, kufunsa agogo, kujambula zithunzi, ndi kulemba caka ndi womanga wa nyumba iri yonse yakale, kenaka kupereka zolembazo kwa a Museum ku Chichiri. Aphunzitsi abvomera kutiperekeza Lacisanu masana.

M'February caka cino ndinadutsanso pa sitolo ija. Galasi liripo, katundu aoneka bwino, ndipo ogula alowa ambiri. Pamenepo abwana aja sanalakwe. Koma denga la khonde lawerama pamene panali nsanamira, ndipo pamwamba pa galasi pali mng'alu wolowa cala. Amalume anaitanidwa kuti akacirikize ndi mapaipi acitsulo. Anapita, koma nthawi ino anayamba afunsa ngati pepala la khonsolo liripo, ndipo atamva kuti palibe anabwerako ndi zida zao.

Tsiku logumula lija ndinatola njerwa imodzi ya m'nsanamira. Ndi yaikulu kuposa za masiku ano, yofiirira, ndipo pambali pace pali zala zitatu za munthu amene anainyamula isanaume. Ndaisiya kwa aphunzitsi a mbiri yakale, iri m'kabati ya m'cipinda ca Fomu 4. Wofuna kuyesa zala zace pamenepo apemphe kiyi nthawi yopuma.

Wophunzira wa Fomu 4, Bangwe